Kulawa uchi wa ku Thazima: mabotolo anayi pa tebulo limodzi

Amene anakwerapo msewu wochokera pa boma la Rumphi, kudzera ku Bolero mpaka pa geti la Thazima polowera m'paki ya Nyika, amadziwa kuti kumeneko munthu sabwerako chimanjamanja. Tsitsi limakhala lili mbuu ndi fumbi, msana ukuwawa ndi ulendo wa makilomita oposa 50, koma m'chikwama muli botolo la uchi. Ukafika kunyumba ana apaka pa buledi, agogo athira mu tiyi, pakutha sabata ziwiri botolo lili gwa. Wina akafunsa kuti uchiwo unali wotani, yankho limakhala lomwe lija: unali wokoma. Chaka chinacho ugulanso, upeza wakuda bii, wowawirako pakhosi, n'kuyamba kung'ung'udza kuti akupusitsa. Kawirikawiri sipakhala wokupusitsa. Njuchi zinangopita ku maluwa ena, mwezi wina.

Ine ndinazidziwa mochedwa. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikugula uchi kwa bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Thazima, amene ming'oma yawo ili malo atatu: ina m'nkhalango ya mombo ndi misuku, ina m'mbali mwa kamtsinje, ina kuseri kwa munda. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Adada, wa chaka chino bwanji wasiyana ndi uja munandipatsa?" Sanayankhe. Analowa m'nyumba, natulutsa zigubu zitatu ndi supuni, nandiuza kuti ndilawe ndekha. Pamene ndimachoka pakhondepo n'kuti nditadziwa kuti zaka zonsezi uchi ndimangoumeza.

Kumwa kapena kudya chinthu kuli apo, kulawa kuli apo, ndipo amene anakupanga kukhala luso ndi anthu a vinyo. Ku France kuli dera lotchedwa Chablis, kumpoto kwa Burgundy, kumene amapanga vinyo woyera wosatsekemera kuchokera ku mphesa za mtundu umodzi wokha, Chardonnay. Minda yake isanu ndi iwiri yolemekezeka kwambiri, monga Les Clos, Vaudésir ndi Valmur, ili pa chitunda chimodzi pamwamba pa mtsinje wa Serein, yochitirana malire. Okonda vinyoyu amagula mabotolo a wopanga mmodzi, tinene William Fèvre, lina la munda uwu lina la munda uwo, n'kuwatsegula tsiku limodzi. Nzeru yake ndi iyi: mphesa ikakhala imodzi, manja opanga n'kukhala amodzi, kusiyana kumene lilime likumva n'kwa dothi, kwa kumene munda wayang'ana, ndi kwa nyengo ya chaka chimenecho. Katswiri wina wa ku France komweko, Michel Gonnet, anatenga kalawidwe kameneka n'kukaika pa uchi, ndipo mu 1985 iye ndi Gabriel Vache anatulutsa buku lotchedwa Le goût du miel. Mpaka lero akatswiri olawa uchi amauthira m'tambula ya vinyo. Ife botolo la Chablis sitingalipeze pa Bolero, ndipo likanapezeka likanadya ndalama ya feteleza, koma njira yawoyo ndi yaulere.

Yambani ndi kusankha mabotolo. Anayi akwana, asanu ndiye mwafika pamalire. Olawa vinyo wosatsekemera amatha kudutsa matambula ambiri chifukwa amalavula, koma uchi ndi shuga wochuluka, umatopetsa lilime msanga, moti pofika supuni yachisanu ndi chimodzi zonse zimangomveka kuzuna. Ngati n'kotheka, atatu mwa mabotolowo achokere kwa mlimi wa njuchi mmodzi. Mupempheni wa nyengo ziwiri zosiyana. M'nkhalango za miombo, mombo ndi anzake amachita maluwa m'chilimwe, cha m'ma Seputembala ndi Okutobala, masamba ofiira aja atangophuka, ndipo uchi wake umafulidwa chakumapeto kwa chaka. Mchenga ndi mtondo zimachita maluwa mvula ikamapita kumapeto, uchi wake n'kufulidwa cha m'ma Meyi mpaka Julayi. Lachitatu likhale la mng'oma wa malo ena: kumtsinje kumene kuli katope, kufupi ndi bulugamu, kapena pafupi ndi munda wa mpendadzuwa. Lachinayi tengani la m'sitolo, lokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, monga uchi wa Mzuzu Coffee. Silikubwera kudzakhala mfumu ya enawo ayi. Uchi wa m'fakitale nthawi zambiri umakhala wosakaniza wa alimi ambiri, wosefedwa bwino, choncho umakhala ngati mzere wapakati woyezerapo enawo.

Pogula funsani mafunso atatu, ndipo mulembe mayankho ake pa botolo pomwepo, chifukwa mukafika kunyumba mudzasokoneza. Mng'oma uli kuti? Anafula mwezi uti? Anafinya bwanji? Funso loyambalo lili ndi kulemera kwake ku Thazima. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamene inakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa m'malo amene makolo awo ankafulamo uchi. Pambuyo pake a nthambi ya zamapaki ndi nyama zakutchire anayamba kulola makalabu a alimi a njuchi kupachika ming'oma m'mbali zina za paki pogwirizana nawo. Uchi wa m'ming'oma yotere ndi wina, wa munthu amene walowa mozemba, kugwetsa mtengo wamphako n'kusiya moto ukuyaka, ndi winanso. Wachiwiriwu mukaugula ndiye kuti mwalipirira moto wolusa umene udzapsereze maluwa a chaka chamawa. Lilime lidzakuuzaninso, chifukwa uchi wofulidwa mothamanga ndi muuni wa udzu umanunkha utsi.

Kulawako kuchitike masana, kukatentherako. Ku Thazima m'mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, pamwamba pa Nyika mpaka kumagwa chisanu choyeretsa udzu, ndipo uchi wozizira umabisa fungo lake. Mabotolo onse agone m'chipinda chimodzi kuti afanane kutentha. Musalawe mutangodya ndiwo za tsabola, mutangomwa khofi kapena mutangotsuka mano. Wosuta fodya adikire kaye ola. Wodzola perefyumu akhale patali ndi tebulo, angakhale mayi busa. Kukhitchini kumene kukufuka utsi wa nkhuni sikoyenera. Tulutsani tebulo pakhonde, koma dziwani kuti njuchi zikamva zibwera kudzaona katundu wawo, choncho matambula muziwavindikira ndi sosala.

Zofunika ndi zochepa: matambula agalasi oyera ofanana, otsukidwa bwino osatsala fungo la sopo, masupuni ang'onoang'ono, aliyense yake, ndi kapu ya madzi otsukira supuniyo, jagi ya madzi ofunda ochukuchira m'kamwa, pepala loyera, kope ndi cholembera. M'tambula iliyonse thirani masupuni akuluakulu awiri, amene ndi pafupifupi magalamu 40. Koti muzitsuka nako lilime ndi kachidutswa ka buledi wopanda kanthu, kapena chinangwa chophika chopanda mchere.

Tsono apa ndi pamene ambiri amanyozera: mabotolo abisidwe. Mwana mmodzi wodalirika athire uchi m'matambula ali yekha, alembe 1, 2, 3, 4 pansi pa tambula, pepala la mayina alisunge m'thumba. Mungaone ngati masewera, koma mutu umalamula lilime. Pa 24 Meyi 1976 ku Paris, wogulitsa vinyo wa ku England, Steven Spurrier, anaitana akatswiri a ku France kuti alawe vinyo osaona mabotolo. Pa vinyo woyera, amene anapambana anali Chateau Montelena wa ku California, kuposa mavinyo otchuka a ku Burgundy. Akanaona mapepala a pamabotolo, ndikukaika ngati zikanatero. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Mukadziwa kuti tambula iyi ndi ya amalume, kapena ndi ija munagula modula, mudzaikometsa musanailawe n'komwe.

Yambani ndi maso. Ikani matambula pa pepala loyera, muwandandalike kuyambira wowala kwambiri kufika wakuda, ndipo mudzalawa m'ndondomeko yomweyo, chifukwa uchi wakuda kawirikawiri umakhala wamphamvu ndipo ukatsogola umaphimba anzake. Lembani mtundu wake m'mawu a pakhomo: ngati mafuta ophikira, ngati tiyi wopanda mkaka, ngati msuzi wa nyemba. Mtundu sunena kuti uchi ndi weniweni kapena ayi. Pali anthu amene amakana uchi wowala kuti ndi manyuchi a shuga, enanso amakana wakuda kuti ndi wopserera. Onse awiri amataya uchi wabwino. Chimene maso angakuthandizeni kuona ndi zinyalala: mapiko ndi miyendo ya njuchi, phulusa, tizidutswa ta phula. Phula pang'ono si mlandu, limayandama n'kuyengulidwa. Koma uchi wambuu ngati phala, wosaonekera ngakhale pang'ono ukadali wamadzi, nthawi zambiri ndi uja anafinyira pamodzi zisa za uchi, za mungu ndi za ana a njuchi. Pendeketsani tambula muone mmene ukuyendera. Ofanana kutentha, woyenda msanga ndiye wa madzi ambiri.

Pa mphuno ndi pamene muyenera kukhalitsa, chifukwa zambiri zimene timazitcha kukoma zimadzera m'mphuno. Fumbatirani tambula m'manja kwa mphindi imodzi kuti ifunde. Ndi supuni, pakani uchiwo m'mbali monse mwa tambula kuti fungo lituluke. Nunkhizani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, chotsani mphuno, pumani, bwererani. Mukakakamira mphuno imazolowera n'kusiya kumva. Ndiye lembani chimene chabwera m'mutu, ngakhale chioneke chopusa. Mabuku a ku Ulaya amatchula zipatso ndi maluwa akwawo, zimene ambiri a ife sitinanunkhizepo. Ife tili ndi mawu athu. Uchi wina umanunkhira ngati masuku akupsa kwambiri, wina ngati udzu wouma wofolerera, wina ngati shuga wopserera pansi pa poto, wina ngati khungwa longosendedwa, wina ngati mankhwala a chifuwa. Mdzukulu wanga wina anati tambula yachitatu ikununkhira ngati m'shedi ya fodya, tonse tinaseka, koma titabwerera tinapeza kuti mwanayo akunena zoona. Aliyense alembe zake chamumtima, kukambirana kudikire, chifukwa bambo wa pakhomo akangoti "masuku" nyumba yonse imva masuku.

Fungo lina ndi chenjezo. La thobwa logonetsa kapena la masese ndiye kuti uchi wayamba kusasa. La utsi wambiri lanena kale za kafulidwe. La mafuta ophikira, la parafini kapena la sopo ndi la chigubu chimene munali zina. Likamveka la mankhwala opopera mbewu musalawe n'komwe, ndipo musagulenso kumeneko.

Polawa tapani pang'ono, theka la supuni yaing'ono. Ikani pa lilime, tsinani mphuno ndi zala, mulole usungunuke. Mudzamva zitatu zokha: kuzuna, kuwawasa, ndi kuwawa ngati kulipo. Kenaka tayani mphuno n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Apo ndi pamene uchi umatseguka, fungo lonse limakwera kuchokera m'kamwa, ndipo amene akuchita izi koyamba amatong'ola maso. Mezani, muwerenge chamumtima kuti kukomako kukhala nthawi yaitali bwanji, komanso kuti kukusiya chiyani kumbuyo. Wina umazuna n'kuzimiririka pomwepo. Wina umayamba mofatsa n'kumaliza ndi kakuwawa konga kwa khofi, kamene ine ndimakakonda kuposa onse, ngakhale akunyumba kwanga amati ndi kukalamba. Chukuchani m'kamwa ndi madzi ofunda, lumani buledi, dikirani mphindi ziwiri, pitani pa tambula yotsatira. Mukamaliza onse bwererani kwa woyamba. Mudzadabwa mmene wasinthira, pamene iwo sunasinthe.

Kukereketa pakhosi kusakuopseni msanga. Uchi wambiri wa m'nkhalango umakanda pang'ono. Koma ulipo wowotcha ngati tsabola, umene madzi sauzimitsa. Umachokera ku maluwa a mitengo ya banja la nkhadze, ndipo ku South Africa amautcha noors. Umenewo suyenera pa buledi wa ana.

Lilime lili ndi malire ake, ndipo tiyenera kunena poyera. Silingagwire wakuba waluso. Zoyesa za pamsika zija, kuviika machesi n'kuyatsa, kudonthezera m'madzi, kuona ngati nyerere zikubwera, sizitsimikiza kanthu. Nyerere zimakonda uchi weniweni monga zikondera shuga, ndipo manyuchi owiritsidwa mpaka kulimba amamira m'madzi ngati uchi. Kuti mudziwe motsimikiza kuti muli shuga wothira pamafunika labotale. Chimene mungayeze pakhomo ndi madzi. Uchi wokhwima suyenera kupitirira madzi 20 pa 100 alionse, ndipo wabwino umakhala cha pa 17 kapena 18. Njuchi zimamata zisa ndi phula uchi ukauma kufika pamenepo, n'chifukwa chake mlimi wodziwa amatenga zisa zomata n'kusiya zotseguka. Ogula uchi wambiri amayeza ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, koma inu bwerekani sikelo. Lita imodzi ya uchi wokhwima imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kotero botolo la theka la lita liyenera kukhala ndi magalamu pafupifupi 700 mutachotsera kulemera kwa botololo. Likaperewera kwambiri, muli madzi. Ine ndinaphunzira ndi chigubu cha malita asanu chimene ndinagula m'mbali mwa msewu m'dzinja, motchipa, kwa munthu amene sindinamuonenso. Patatha milungu itatu chigubu chinatupa ngati chule, chivindikiro chinalumpha usiku, ndipo m'mawa tinapeza kabati yonse ili thovu ndi nyerere.

Nanga uchi woundana, uja amati wachita mchenga? Anthu ambiri amaubweza kwa wogulitsa kuti wathira shuga, pamene kuundana ndi khalidwe la uchi weniweni. Mu uchi muli mitundu iwiri ikuluikulu ya shuga, glucose ndi fructose. Wokhala ndi glucose wambiri, monga wa mpendadzuwa, umaundana msanga, makamaka kukazizira cha pa madigiri 14, kumene ku Thazima si kwachilendo. Pa tebulo lolawa musausungunule, ulaweni momwemo, mumve ngati mchenga wake ndi wosalala ngati batala kapena wokhakhala pa lilime. Mukafuna kuti ubwerere, imikani botolo m'beseni la madzi ofunda amene dzanja likupirira bwinobwino, osapitirira madigiri 40, muziwasintha akazizira. Pamoto ayi, padzuwa la masana ayi. Kutentha kwambiri kumauluza fungo, kumadetsa uchi, n'kuusiya ukukoma ngati switi yopserera. Choyenera kukuchenjezani ndi uchi umene wagawikana, pansi polimba pamwamba madzi ochita thovu. Umenewo wayamba ulendo wosasa; ugwiritseni ntchito msanga pophika.

Mwana uja atulutse pepala tsopano, mayina adziwike, mkangano uyambe. Musathamangire kupeza wopambana. Funso lothandiza pakhomo ndi lakuti uchi uliwonse uyenera chiyani. Wowala, wofatsa, ndi wa mu tiyi ndi pa buledi, chifukwa suphimba kukoma kwa chinzake. Wakuda wowawirako umagwirizana ndi phala la mgaiwa, mbatata yootcha ndi chigumu, komanso madzi ofunda a mandimu pa chifuwa. Wonunkha utsi pang'ono, umene mu tiyi umakhumudwitsa, pakani pa nkhuku kapena nyama ya mbuzi ikatsala pang'ono kupsa pamakala. Woundana mosalala ndi wa ana opita kusukulu, sudontha m'chikwama. Kuyesa komaliza ndi komweko: wiritsani tiyi mmodzi, mugawe m'makapu anayi, kapu iliyonse supuni imodzi. Nthawi zina uchi umene unagonja pa supuni ndi umene umapambana mu tiyi.

Pa tebuloli pali amene sayenera kulawa. Khanda losakwana chaka chimodzi lisapatsidwe uchi ngakhale kadontho, ngakhale kopaka pa milomo, chifukwa mu uchi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda otchedwa botulism, amene matumbo a khanda sangathe kulimbana nawo. Kuwiritsa uchi sikuchotsa vutoli. Azakhali akaumirira kuti kale ankatero, akanizeni mwaulemu, koma akanizeni. Odwala matenda a shuga akumbukire kuti uchi ndi shuga ndithu. Anyambite kansonga ka supuni, kapena akhale mlembi wa tsikulo.

Uchi wotsala usungeni m'mabotolo agalasi kapena m'zigubu za pulasitiki zimene simunakhalepo china, zouma bwino, zotsekedwa zolimba, m'kabati mopanda dzuwa. Uchi umakoka chinyezi cha mumpweya, choncho botolo losiyidwa pululu m'dzinja limadzisungunula lokha n'kusasa. Umakokanso fungo, usagone pafupi ndi usipa kapena anyezi. M'chitini kapena m'ndowa ya malata musasungiremo, chifukwa uchi uli ndi kuwawasa kumene kumadya chitsulo. Supuni yonyowa isalowe m'botolo.

Kope lija musataye. Lembanimo tsiku, malo a mng'oma, mwezi wofula, ndi zimene aliyense ananena, ngakhale za shedi ya fodya. Pa botolo lililonse patulani pang'ono m'kabotolo kakang'ono, mulembepo chaka, mubise kumene ana sangafike, kuti mudzayerekeze ndi wa nyengo yotsatira. Ndipo mukadzakweranso ku Thazima mutenge kopelo mukawawerengere eni ming'oma. Pamene ndinawauza adada aja kuti wa kumtsinje ndi umene unathera msanga kwathu, anangogwedeza mutu, nati ndibwere mu Disembala ndi chigubu changa chouma, ndipo ndisachedwe chifukwa mng'oma umodzi wa kumeneko chiuli chinaugwetsa.